Nyimbo za Achimwene

Telala wina wamkazi anali ndi achimwene ake amene anayendetsa malole zaka makumi awiri, mpaka sitiroko inawagwira n'kuwatseka pakamwa. Akazi awo anapirira miyezi itatu, kenako anamanga katundu n'kupita. Telalayo, mlongo wawo, ndiye anawatenga achimwenewo, n'kuwayalira m'chipinda chimene ankasungiramo nsalu za makasitomala.

Chinkawakhazika mtima pansi ndi kachipangizo kawo ka nyimbo, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Akavala mahedifoni ankadya, ankalolanso kusambitsidwa. Koma batire linatupa mpaka chivundikiro kutukuka, ndipo kankazima pakangotha mphindi khumi.

Telala anagula foni yotchipa n'kupita nazo zonse ziwiri kwa mayi wokonza mafoni, m'kashopu kopanikiza konunkha waya wopsa.

"Nyimbo zonse zichoke umu zilowe umu," anatero.

Mayiyo analumikiza kachipangizoko ku kompyuta n'kupukusa mutu. "Pulogalamu ya eni ake ndi yansanje, achemwali. Imadziwa kompyuta imodzi yokha, imene ankalowetsera nyimbozi. Ili kuti?"

"Inapita ndi alamu anga."

"Ndiye ndikangodina apa, ifufuta zonse. Tigwiritsa ntchito ina yolembedwa ndi anthu ena. Imeneyo sifunsa kuti ndiwe mwana wa yani."

Posakhalitsa mndandanda unatuluka, nyimbo mazana asanu ndi atatu, iliyonse ndi kanambala pambali. Mayiyo anati nambalazo zikusonyeza kuti nyimbo yamvetseredwa kangati. Zambiri zinali khumi, makumi atatu. Koma imodzi, yopanda dzina, inali itadutsa zikwi ziwiri.

"Iyi ndiye nyimbo yawo," anatero mayiyo, n'kuitsegula.

Sinali nyimbo. Kunamveka mbale zikugundana, kenako mawu a mlamu wake wa telala, akuseka: "Mwayamba kale kujambula? Ndinene chiyani ine? Chabwino. Muyende bwino, bambo. Musamasinze pa chiwongolero. Malaya a buluu aja ndasita, ali pansi m'chikwama." Basi.

Telala anakumbukira zofunda zimene ankachapa m'mawa uliwonse, ndi madiresi a anthu amene ankachedwa nawo, pomwe mwini mawuwo sanaimbepo foni ngakhale kamodzi.

"Imeneyo isiyeni."

"Mwatsimikiza? Batire ili silifika mawa."

"Ndati isiyeni."

Mayiyo anaichotsa pa zokopera. Kachipangizoko kanatsala konko, poti batire lotupa limatha kuyaka m'nyumba.

Kunyumba, telala anawaveka achimwene ake mahedifoni n'kuwasonyeza podina. Nyimbo yoyamba itangoyamba, anadina ndi chala cha kumanzere. Yachiwiri, anadina. Telalayo anabwerera pamakina ake osokera, koma ankawaona pakhomo, mutu uli chowerama, chala chikungogwira ntchito. Chakudya chinazizira pambali pawo. Atafika kumapeto kwa mndandanda anayambiranso. Dzuwa litapendeka anavula mahedifoni, n'kuwaika pamwendo, n'kumuyang'ana mlongo wawo nthawi yaitali.

Mawa lake achimwenewo anakana kusamba. Tsiku lachitatu telala anabwerera kukashopu kuja.

"Kanazima tsiku lomwelo," anatero wokonza mafoni. "Ndinayesa batire lina, sikakudzuka. Ndinakopera zokhazo zimene munandiuza, achemwali. Pepani."

Telala anaima pakhonde la shopuyo, magalimoto akungodutsa. Nambala ya mlamu wake anali nayobe. Foni inaitana kasanu.

"Alamu, ndine."

Mlamuyo anayankha ndi kamawu kotsika: "Atisiya?"

"Alipo. Koma sakudya."

"Sindingabwere, alamu. Ndinayesetsa, inunso mukudziwa."

"Sindikuti mubwere. Mungojambula mawu munditumizire. Munene chilichonse."

Mawuwo anafika madzulo, aulemu ngati a mlendo wodzazonda m'chipatala: "Muli bwanji, bambo? Ndamva kuti simukudya. Muzidya, muzimwa mankhwala. Tikukupemphererani."

Achimwene anamvetsera mpaka kumapeto. Telala anadikira kuti aone ngati chala chibwerera podina, koma sichinasunthe. Anawabweretsera phala, iwo n'kumeza masipuni atatu, kenako anatembenukira kukhoma. Iye anavundikira mbale n'kukakhala pamakina, poti mwini diresi la buluu anati abwera m'mawa.