Malo a Dureti pa Mzere

Dureti ndi mng'ono wa malemu mkazi wanga. Wathamanga mipikisano ya mtunda wautali kwa zaka zambiri, ndipo mendulo zake zili m'kabati kwathu, pamodzi ndi makapu a khofi amene mkulu wake anasiya. Chipumireni ntchito ya uphunzitsi, m'mawa uliwonse ndimapita naye kunkhalango ya bulugamu kumtunda kwa tauni yathu ya Bekoji, n'kukakhala pachitsa kusunga majekete a atsikana a m'gulu lake.

M'nkhalangomo amathamanga pamzere umodzi, mokhotakhota pakati pa mitengo. Aliyense amayang'ana mapazi a mnzake wa patsogolo. Woona njira ndi wotsogolera yekha. Akaona muzu kapena mwala amaliza zala n'kuloza pansi, ndipo chizindikirocho amapatsirana mpaka kwa womaliza. Ntchito imeneyo inali ya Dureti, monga wamkulu pa onse.

Tsiku lina zala sizinalire. Bontu, mtsikana amene anabwera chaka chatha kuchokera kuminda ya barele, anakodwa ndi muzu n'kusupuka bondo.

"Achemwali, zala mwazisiya kunyumba lero?" anafunsa Bontu akuseka, magazi akutsikira m'sokosi.

"Uzikweza miyendo iwe, suli kumunda kwa bambo ako kuno," anayankha Dureti. Onse anaseka, kupatula iye.

Masana ake, pothira khofi, anaphonya kapu yanga n'kuthira pambali. Anaika mtsuko pansi.

"Alamu, diso lakumanzereli lachita chifunga. Muzu uja sindinauone."

"Chiyambire liti?"

"Nthawi ya mvula. Adokotala akuti silibwereranso."

Ndinamufunsa ngati Gashe Regasa, mphunzitsi wa gulu lawo, akudziwa.

"Akadziwa andichotsa pa mpikisano wa ku Addis Ababa, ndipo ndi womaliza wanga umenewo. Pamsewu palibe mizu, alamu. Ndingobisa mpaka mwezi wamawa basi."

"Nanga m'nkhalango?"

Anayang'ana m'kapu mwake. Mkulu wakenso ankachita chomwecho akakhala kuti yankho akulidziwa kale. Tinamwa khofi wathu.

M'mawa mwake kunazizira kwambiri. Atsikana anandipatsa majekete n'kuima pamzere, akudumphadumpha, malo a kutsogolo atawasiya monga mwa masiku onse. Dureti sanapitepo. Analunjika kwa mphunzitsi.

"Gashe, ine sinditsogoleranso. Diso limodzi latha. Bondo la mwana uyu ndinavulaza ndine."

Kudumphadumpha kuja kunaleka. Gashe Regasa anavula chipewa n'kumuyang'ana kwa nthawi ndithu.

"Ukudziwa kuti ku Addis sindingakutumize. Khamu lonse lija, zigongono mbali zonse, iwe mbali imodzi osaona."

"Ndikudziwa, Gashe."

"Ndiye nsapatozi wavaliranji?"

"Miyendo sinachite chifunga."

Mphunzitsi anavalanso chipewa. "Atsogolere ndani?"

"Bontu. Wagwapo kale, mizu akuiopa."

Bontu anabwerera m'mbuyo, dzanja lili pachifuwa. "Ine? Achemwali, ndikusocheretsani nonse, tikatulukira ku Kenya."

"Ukatisocheretsa tikakusiya komweko. Ingoliza zala mwamphamvu. Ndili pambuyo pako, ndipo makutu anga ndi abwinobwino."

Dureti anavula jekete n'kundiponyera. Linagwera kumbali, ndipo ndinalitola. Anakaima wachiwiri, n'kuweramitsa mutu kuyang'ana zidendene za mtsikana amene anabadwa iye atayamba kale kuthamanga.

Ananyamuka pang'onopang'ono n'kulowa m'mitengo. Ndili pachitsa panga ndinkamva zala za Bontu zikulira mowirikiza, zedi ankaliza ngakhale akaona kamtengo kapena tsamba louma. Ndipo nthawi iliyonse zinkatsatiridwa ndi kulira kwina kumene ndikukudziwa bwino, kwa zala za Dureti, akupatsira omwe anali kumbuyo kwake.