Matikiti a Lachinayi

Chivundikiro cha chitini chija chinali chitagwira dzimbiri, moti Zuwena anachita kuchikanula ndi mpeni. Chitatseguka, timapepala tachikasu tinakhuthukira pamkeka, tina pamiyendo pake, tina mpaka pamapazi a mlongo wake Makame, amene anaima pakhomo la chipinda manja ali m'chiuno.

Mayi awo, Bi Rukia, anali ataikidwa dzulo lake. Mmawa umenewu Zuwena ankasanja nsalu za malemuwo kuti azigawe kwa achibale, ndipo chitinicho anachipeza pansi penipeni pa bokosi, chitakulungidwa m'nsalu yopempherera.

"Kodi mlongo wanga anasiya chuma?" anafunsa amalume awo a Barnaba, amene anakhala pampando m'khonde, ndodo ili pakati pa miyendo.

Makame anatola kapepala kamodzi, n'kutolanso kena. Palionse panali chithunzi cha tchalitchi chachikulu cha m'tauni yakale, chija amapitako azungu odzaona malo, ndiponso chidindo cha tsiku. Nkhope yake inasintha.

"Ndi matikiti olowera m'tchalitchi," anatero. "Zaka ndi zaka. Onse a Lachinayi."

Aliyense m'banjamo ankadziwa kuti Bi Rukia anabadwa ali Edita, mwana wa kalipentala wa patchalitchi chimenecho. Analowa Chisilamu pokwatiwa, ndipo kwa zaka makumi anayi palibe anawaonapo akudumphitsa swala, pemphero la Chisilamu, ngakhale kamodzi. Lachinayi lililonse ankati akupita kumsika ku Darajani, ndipo ankabweradi ndi nsomba. Kungoti palibe amene anafunsapo chifukwa chake nsomba ziwiri zinkatenga mmawa wonse.

A Barnaba anamenya ndodo pansi, maso akuwala.

"Ndinkadziwa ine! Edita sanachoke ayi. Munathamangira kumukwirira dzuwa lisanalowe, ine ndisanatsike n'komwe basi, osadziwa kuti mukukwirira Mkhristu!"

"Amalume, chonde," anatero Zuwena.

Koma mawu anali atalowa kale pamene anafuna kulowa. Makame ndi mphunzitsi wa kumadrasa, munthu wa mtima wabwino koma wouma ngati chikwanje, ndipo amaopa pakamwa pa anthu kuposa malungo. Anaika matikiti aja pansi mwakachetechete.

"Hitima ya mawa kulibe," anatero.

Hitima ndiye mapemphero a tsiku lachitatu, pamene shehe ndi anansi amasonkhana kuwerengera malemu Kurani yonse, kenako n'kudyera pamodzi mpunga wa pilau. Munthu wosachitiridwa hitima amakhala ngati watayidwa, ndipo kuno pachilumba cha Unguja nkhani yotero imafika pachilumba cha Pemba sitima yapamadzi isananyamuke.

"Iwe Makame, wati chiyani?"

"Achemwali, sindingaitane shehe ndi mzikiti wonse kudzawerengera munthu amene ankagwada kwina. Zikadzaululika ndidzaoneka ngati ndani? Ndikuwaimbira Bi Mwatima, otiphikira aja, asaviike mpunga."

Zuwena anakwiya kwambiri. Ndi iye amene anawasambitsa mayiwo, ndi iye amene anamva mawu awo omaliza, ndipo mawuwo anali a Chisilamu. Komabe matikiti anali pamkeka, ndipo mtima wake nawo unali ndi mantha. Anawawola ndi manja awiri, n'kuwabwezera m'chitini, n'kuvala buibui, chovala chake chakuda chofunda thupi lonse.

"Foniyo ubweze m'thumba. Tikupita komweko tikafunse."

"Ine m'tchalitchi sindilowa."

"Ukaima pageti ngati mbuzi yogulitsa, koma upita. Ndinakubereka kumsana ine, ukundikodzera, lero usandiuze za mayi anga. Amalume, nanunso nyamukani. Mwayatsa ndinu motowu."

Anadutsa m'tinjira topanikizika ta m'tauni yakale, Zuwena patsogolo chitini chili m'khwapa, Makame pambuyo akung'ung'udza, a Barnaba kumapeto akugogoda ndodo. Anthu ankawapepesa za maliro ali m'makonde mwawo, Zuwena n'kumangoyankha osaima.

Tchalitchi chimenechi chili ndi geti limodzi koma chimalandira anthu a mitundu iwiri. Wodzapemphera amalowa ulere, chifukwa ndi kwawo. Wodzaona malo amagula tikiti pakawindo. Amene amasiyanitsa awiriwa ndi mkulu wina wa magalasi, a Yustino, amene akhala pakawindopo kuyambira tsitsi lawo lili lakuda. Funso lawo ndi limodzi, ndipo amalifunsa kwa aliyense, ngakhale kwa mzungu wofiira ndi dzuwa amene makamera awiri akulendewera m'khosi.

"Kudzapemphera kapena kudzaona?" anafunsa osadzutsa mutu, gulu la alendo litangodutsa.

Zuwena anaika chitini pakawindo n'kuchitsegula. A Yustino anayang'ana m'katimo, kenako anayang'ana nkhope ya Zuwena kwa nthawi ndithu. Anavula magalasi.

"Mphuno imeneyi ndikuidziwa. Ndinu mwana wa mayi a Lachinayi. Ndakhala ndikuyang'ana kumsewu chiyambire mmawa, ndimati lero achedwa bwanji."

"Anatisiya dzulo, bambo."

Mkuluyo anagwira pakamwa. Anatuluka m'kanyumba kake n'kuwapatsa moni wa chisoni mmodzimmodzi, mpaka anafika pa a Barnaba, amene ankawadziwa chifukwa cha mapemphero a Lamulungu. Apo anangogwedeza mutu.

"Bambo, ndabwera ndi funso limodzi," anatero Zuwena, "ndipo mundiyankhe zoona, ngakhale zikhale zowawa. Mayi anga ankadzatani kuno? Ankadzapemphera?"

"Anenetu a Yustino, ana amve," anatero a Barnaba. "Mlongo wanga anabwerera kwawo."

A Yustino anavalanso magalasi n'kutembenukira kwa a Barnaba.

"Inu a Barnaba, mwapemphera muno zaka zingati?"

"Chibadwire changa."

"Kwanu muli ndi matikiti angati?"

"Matikiti a chiyani? Ine ndingagule tikiti polowa m'tchalitchi changa?"

"Ndiye mwayankha nokha." Mkuluyo anagogoda chitini ndi chala, n'kuyang'ana Makame, amene anaima chapatali ngati geti limaluma. "Inu a kofia, senderani kuno, makutu anu sali aatali choncho. Mkhristu muno sagula tikiti. Mayi anu akanafuna kugwada, akanangonena mawu amodzi n'kudutsa ulere. Ine ndinatopa n'kuwauza. Ndinkati, 'Mayi, bambo anu ndi amene anakhoma mabenchi a muno, lowani basi.' Iwo ankati, 'Yustino, usandinamizitse pakhomo la Mulungu. Ine ndimapemphera kwathu kasanu patsiku. Dula tikiti.' Tsiku lina ndinakana kulandira ndalama yawo. Anaima pomwe mwaimapo, padzuwa, mpaka ndinagonja ndine."

Makame anasendera pafupi. Mawu ake anatuluka aang'ono.

"Nanga m'katimo ankakachita chiyani?"

A Yustino anawerama pansi pa kawindo n'kutulutsa kabotolo ka mafuta a kokonati, kotsala theka, ndi kansanza kofewa kopindidwa bwino.

"Izi ankasungitsa kwa ine. Benchi lachitatu kuchokera kumbuyo, kumanzere, ndilo lomaliza limene bambo awo anapanga. Ankavula nsapato pakhomo monga amachitira kumzikiti, n'kukalipaka mafuta. Osagwada, osaimba, osatsegula buku. Mzikiti uli kuseriku ukangoitana swala ya masana, ankanyamuka ngakhale ntchito ili pakati."

Mantha amene anamugwira Zuwena chitsegulire chitini chija anatha. Anafuna kulira, koma ntchito imene anadzera inali isanathe.

"Koma chifukwa chiyani ankabisa?" anafunsa. "Bwanji sanawauze ngakhale amalume?"

A Yustino anazengereza. Anayang'ana a Barnaba, kenako pansi.

"Anandiletsa kunena. Koma poti mwini wake wapita, ndinena. Tsiku loyamba limene anabwera, patangotha sabata chiikireni bambo awo, ndinawafunsa chifukwa chake akulipira. Anati, 'Achimwene anga anandiuza kuti muno ndine mlendo. Mlendo amalipira.'"

Gulu lina la alendo linadutsa, wowatsogolera akukweza ambulera yofiira.

"Amalume?" anatero Zuwena.

A Barnaba anakhala pakakhoma ka pageti, ndodo n'kugwera pansi.

"Panali pamaliro a bambo," anatero, mawu akuthothoka. "Anabwera atavala buibui, akufuna kukhala kutsogolo ndi ife. Ine ndinamutsekereza pakati pa kanjira, anthu onse akuona. Ndinati kutsogolo ndi kwa abale, iwe muno ndiwe mlendo. Ndinayankhula ndi mkwiyo, ana inu. Pambuyo pake tinkachezerana, ankanditumizira maswiti a haluwa pa chikondwerero cha Idi. Ndinkayesa anaiwala." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Benchi limenelo ndimakhalapo ine Lamulungu lililonse. Chaka chatha ndinaimirira pamsonkhano wa mpingo kuthokoza amayi a chigwirizano polisamala bwino. Anangoyang'anana."

Zuwena anawamvera chisoni, koma sanawatonthoze. Anatembenukira kwa mlongo wake.

"Aphunzitsi, mwamva? Umboni umene unafuna kuwamana nawo hitima ndi womwewu ukuwachitira umboni. Tulutsa foni ija tsopano."

Makame anaitulutsa osatsutsa. Manyazi anali atamugwira mpaka m'makutu.

"Bi Mwatima? Ndine Makame. Viikani mpunga. Eya, wonse. Muwonjezerenso wina, kubwera anthu ambiri." Atadula, anaimbiranso shehe, ndipo Zuwena anaima pomwepo mpaka anamva ndi makutu ake nthawi ya mapemphero ikutchulidwa.

Kenako anatenga kabotolo ndi kansanza m'manja mwa a Yustino.

"Lero ndi Lachinayi," anatero. "Ndifunseni funso lanu lija."

"Kudzapemphera kapena kudzaona?"

"Kudzaona. Dulani tikiti."

"Dulani awiri," anatero Makame, dzanja lili kale m'thumba la mkanjo. Zuwena anamuyang'ana chammbali. "Musandiyang'ane choncho, achemwali. Ngati mayi analowa, ine ndine woyera kuposa iwo?"

A Barnaba anatola ndodo n'kusendera pakawindo, atagwira mashilingi awo.

"Atatu," anatero.

"Inu ayi," anatero a Yustino, akukankha dzanja lawo mwaulemu. "Ndinu a mpingo. Lamulo ndi lomwe lija, sindingakugulitseni."

"Yustino, ndapota nawe."

"Sizingatheke, a Barnaba. Lowani."

A Barnaba analowa ulere monga ankalowera masiku onse, ndipo zinawapweteka kwambiri.

Pakhomo Zuwena ndi Makame anavula nsapato n'kuziika pambali. M'katimo munali mozizira. Kutsogolo amayi anayi ndi wansembe ankayamba mapemphero a masana motsitsa mawu, pamene chakumbuyo alendo ankajambula denga ndi mawindo. Palibe amene anasokoneza mnzake.

Benchilo silinasowe kulifunafuna. Ena onse anali otuwa ndi mchere wa m'mphepo ya kunyanja, koma lachitatu kumanzere linali lakuda bii, losalala, likununkhira ngati tsitsi la mayi awo. Zuwena anathira mafuta pakansanza n'kuyamba kupaka chotsamira, pang'onopang'ono, motsatira mizere ya thabwa. Apo ndi pamene misozi inabwera, ndipo anaileka kuti itsike. A Barnaba anaima m'kanjira, osayerekeza kukhala pansi.

"Ndipatseni, ndipake kunsi," ananong'ona Makame. "Mayi ndi msana wawo uja sakanafikako."

Anakwinya mkanjo wake woyera, n'kukhala pansi, n'kulowetsa dzanja kunsi kwa benchi kumene palibe munthu amayang'anako. Anasisita uku ndi uku, kenako anasiya. Anatulutsa dzanja n'kulionetsa kwa mlongo wake ndi kwa amalume ake. Zala zake zinali zonyezimira ndi mafuta a Lachinayi lapitalo.