Pikapu ya Chitseko Chofiira

Munthu amene watha zaka makumi atatu akuwongola magalimoto amadana ndi chinthu chopindika monga momwe ena amadanira ndi nsikidzi. Mmisiri anali wotero. Akapeza supuni yopindika patebulo ankayamba waiwongola kaye, kudya pambuyo. Ku galaja kumene ankagwira ntchito, galimoto inkabwera itafwanyika ngati chitini chopondedwa, koma tsiku loitenga mwini wake ankaizungulira kawiri katatu kufunafuna pamene panagundidwa, osapapeza. Zikatero Mmisiri ankangopukuta manja pang'onopang'ono, akudzitama chamumtima.

Akaweruka sankapita kukaonera mpira ngati anzake. Ankalowa m'kachipinda kakuseri komwe kale kunkagona ana, n'kuyamba kupanganso magalimoto ena, koma awa anali tating'ono, totalika ngati chikhatho. Tizidutswa take tapulasitiki ankagula m'mabokosi, n'kumatilumikiza ndi guluu, kutipala ndi sandipepa, kutipaka penti mpaka munthu kumadziona nkhope pa boneti. Pashelefu panali timagalimoto khumi ndi tisanu, ndipo ntchentche ikaterapo inali italakwira boma.

"Anzanu akatopa ndi ntchito amapuma," mkazi wake ankatero ataima pakhomo. "Inu mukatopa ndi magalimoto akuluakulu mumakapumira pa ang'onoang'ono. Amisiri, mutuwo uli bwinobwino?"

Kagalimoto kachikhumi ndi chisanu ndi chimodzi sikanali kosewera ayi. Bambo ake a Mmisiri, omwe ankakhala kwa mwana wawo wamkazi, mlongo wake wa Mmisiri, kutsidya kwa tauni, anali atadwala matenda oiwala. Anayamba ndi kuiwala pamene aika magalasi, kenako njira yobwerera kunyumba, kenako mayina a zidzukulu. Chaka chathachi anaiwala mwana wawo wamwamuna yekhayo. Mmisiri akalowa, ankadzuka mwaulemu n'kumupatsa dzanja.

"Muli bwanji, bambo? Mwadzaona ndani kuno?"

Mawu amenewa ankamupweteka Mmisiri kuposa hamala yophonya chitsulo n'kumenya chala. Ankayankha kuti wangodutsa, n'kukhala pansi kumacheza ngati mlendo ndi munthu amene anamubereka.

Chimene madalawo sanaiwale chinali chimodzi: pikapu yawo ya buluu, imene ankanyamulira katundu wa anthu osamuka nyumba kwa zaka zambirimbiri. Inagulitsidwa kalekale, mwina inasanduka miphika, koma mlongo wake ankati m'mawa uliwonse amafunsa kumene kuli makiyi. Ndiye Mmisiri anaganiza: ngati akuikumbukira pikapu, ndiwabweretsere pikapuyo. Mwina ikalowa m'mutu mwawo, inenso ndilowera pomwepo.

Ntchitoyo inamutengera miyezi itatu. Bokosi la pikapu yamtundu womwewo silinkapezeka, choncho anagula lina lofananirako, n'kudula kumbuyo, n'kupanga kwina ndi manja. Chithunzi cha pikapu ya bambo akeyo chinalipo chimodzi chokha, chakuda ndi choyera, chojambula mbali yakumanja. Penti ya buluu anasakaniza kasanu ndi kanayi asanakhutire. Anapaka katatu, akupala pakati ndi sandipepa yosalala ngati pepala lolembapo. Nambala ya galimoto analemba ndi burashi imene anaimeta mpaka kutsala titsitsi titatu, akugwira mpweya pa chilembo chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako iye anali nako kokwanira anthu atatu. Atamaliza anaiyang'ana n'kuvomera yekha kuti m'moyo wake sanapangepo chinthu chokongola chonchi.

Loweruka masana ananyamuka ndi mkazi wake, kagalimotoko kali m'bokosi la nsapato, atakakulunga ndi thonje. Anawapeza bambo ake atakhala pafupi ndi zenera, atavala jekete ngati akudikira ulendo. Mmisiri anakaika pakatebulo pamaso pawo n'kubwerera m'mbuyo.

Madalawo anawerama, kukayang'ana uku ndi uku, manja atabisa kumbuyo.

"Yokongola kwabasi," anatero. "Ndi ya bwana uti?"

"Ndi yanu, Bambo. Pikapu yanu ija."

Anaseka, kuseka kwa munthu womvera chisoni mlendo amene wasochera.

"Mwasokoneza, bambo. Ine galimoto yatsopano sindinakhalepo nayo. Kabwezeni kwa eni ake musanaikale, anthu olemera savuta kukwiya."

Basi anatembenukira kuzenera. Mlongo wake anayesa kuyambitsa nkhani zina, koma Mmisiri sankamva. Anakulunganso kagalimoto kake.

Atafika kunyumba anayamba kuimba mlandu penti. Buluuyo, anatero, wachita kuwala kwambiri. Mwina matayala akula. Mkazi wake anaika ketulo pamoto, nabwera kudzaima pakhomo la kachipindako monga mwa masiku onse.

"Amisiri, ndikufunseni. Chitseko chakumanzere chinali chamtundu wanji?"

"Chofiira."

"Nanga apa chili kuti?"

"Chofiira chija chinali chotola ku zigoba za magalimoto. Sichinali chake. Kufakitale inatuluka ya buluu yonse."

"Bambo anu anakwerapo galimoto ya kufakitale?" anafunsa mkaziyo. "Ine pikapu ija ndinaikwera tsiku limene munakandionetsa kwanu. Ndinalowera kwa dalaivala chifukwa chitseko chinacho chinali chomanga ndi waya. Galasi linali ndi mng'alu kuchokera pakona. Diresi langa linathimbirira ndi dzimbiri. Inu simunapange galimoto ya bambo anu. Mwaikonza. Anakutumani ndani?"

Mkaziyo anapitiriza.

"Ndipo chipsera cha pa madigadi chija mwachisiya dala, musandinamize. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Apa ndiye anamugwira pabala. Nkhani ya chipsera chija m'banjamo sankaitchula kawirikawiri. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, Mmisiri anaba makiyi m'thumba la jekete bambo ake akusamba, akufuna angozungulira kamodzi kuti atsikana apamsewu amuone. Sanafike n'komwe pamsewu. Anagunda chipilala cha geti, madigadi yakumanzere, chitsulo chophimba tayala lakutsogolo chija, n'kulowa m'kati ngati yamenyedwa chibakera. Bambo ake anatuluka ndi sopo m'makutu. Sanam'menye. Anachita choposa kumenya: anakana kupawongola, ndipo kuyambira tsikulo anamupatsa dzina loti Dalaivala. Kasitomala aliyense ankaonetsedwa malowo. "Apa," ankatero akusisita ndi chala chachikulu, "ndi pamene anasaina Dalaivala wanga."

Kunena zoona, manyazi amenewo ndi amene anamutumiza kukaphunzira kuwongola magalimoto. Atamaliza maphunziro anabwera ndi mahamala ake atsopano, n'kugwada pafupi ndi tayala. Bambo ake anamugwira phewa n'kunena kuti apasiye. Chifukwa sananene, ndipo pikapuyo inagulitsidwa ndi chipsera chake. Ndiye pa kagalimoto aka, mosadziwa kapena modziwa, Mmisiri anali atapawongola pomaliza, patapita zaka pafupifupi makumi anayi.

Lamulungu masana anatseka chitseko cha kachipindako n'kuyatsa kandulo dzuwa likuswa mtengo. Anatenga supuni yaing'ono, n'kutenthetsa chogwirira chake pamoto. Kawiri konse anaifikitsa pafupi n'kuibweza. Kachitatu analuma mano, n'kukanikiza pa madigadi yosalala ija. Pulasitiki inafewa, n'kulowa m'kati, penti ya miyezi itatu n'kuchita makwinya. Anamva ngati wadzitentha yekha.

Koma atayang'anitsitsa, anaona kuti palakwika. Chipsera chenicheni chinali chozama chakutsogolo, n'kumapita chikuchepa cha kuchitseko, ndi kamzere pamene panakhula kona ya chipilala. Anatenthetsanso supuni. Apa m'pamene anazindikira kuti kuwononga mwaluso n'kovuta kuposa kukonza, ndipo mtima wa umisiri unamubwerera. Munthu amene wawongola zipsera zikwizikwi amadziwa mmene chitsulo chimapindikira, pamene penti imayambira kusweka, pamene madzi amaima n'kubala dzimbiri. Ndani winanso akanazidziwa zimenezi?

Milungu iwiri inathera pamenepo. Chitseko anachipaka penti yofiira yothira yoyera pang'ono, kuti ioneke yowauka ndi dzuwa. Dzimbiri sanalipange ndi penti: anakapala lenileni pa mahinjesi a geti lawo, n'kulisakaniza ndi vanishi, n'kumalidontheza ndi nsonga ya singano m'munsi mwa zitseko. Singano yomweyo anajambulira mng'alu pagalasi. Anasenda nthambo yamagetsi yakutha, n'kusololamo kawaya kamodzi komangira chitseko. Fumbi anapanga popera choko. Mpando wa dalaivala anaufinya pakati, pamene bambo ake anakhalapo zaka zonse zija, ndipo kumbuyo anaikako chingwe cha ulusi woviika mu tiyi. Chithunzi chija sanachiyang'anenso, poti zonse zinali m'mutu mwake.

Mkazi wake atabwera kudzaona, anayang'ana nthawi yaitali.

"Eya," anatero. "Tsopano yanyansa bwino."

Mmisiri analandira mawuwo ngati mendulo.

Loweruka linalo mlongo wake anawachingamira panja. "Achimwene, musayembekezere zambiri. Lero sanadzuke bwino. Ngakhale ine amanditchula dzina la malemu amayi."

Anawapeza pampando womwe uja, jekete lomwe lija, maso ali kutali. Moni sanayankhe. Mmisiri anaika kagalimotoko pakatebulo, mbali yakumanzere italoza kwa iwo, n'kukhala pansi. Akanati alepherenso, analibe china choti n'kubweretsa.

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako maso a madalawo anatsika. Dzanja lawo linatuluka pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno silinaope kugwira. Anakhudza chitseko chofiira, n'kukodola kawaya kaja ndi chikhadabo. Chala chachikulu chinayenda chokha kupita kutsogolo, n'kukalowa m'chipsera chija ngati chabwerera kwawo. Anasisita kamodzi, kawiri. Nkhope inayamba kuchita mdima.

"Ndani anatenga makiyi m'jekete langa?"

Madalawo anadzutsa mutu, kuyang'ana mwana wawo wamkazi, kuyang'ana mpongozi wawo, n'kudzaima pa bambo wa imvi amene anakhala moyang'anana nawo.

"Dalaivala," anatero. "Ndiwe."

"Ndine, Bambo."

"Msewu wonse uja unakuchepera, mpaka kukasankha geti? Geti limapatuka?"

"Silipatuka, Bambo."

"Ndipo ndikuone ndi timahamala tako. Usapawongole."

"Sindipawongola."

"Ukapawongola ndidzaidziwa bwanji pakati pa magalimoto a anthu?" Anatembenukira kwa mwana wawo wamkazi, amene anali atagwira pakamwa ndi manja onse. "Ukumuona uyu? Mwana wanga ameneyu. Tauni yonse ino palibe wowongola galimoto womuposa, anthu amandiuza. Koma apa pokha ndinamukaniza. Apa m'panga."

Mmisiri anayamikiridwapo ndi mabwana a magalimoto odula, ena mpaka kumugwira chanza ndi manja awiri. Koma sananyadirepo ngati tsiku limeneli, atakhala pampando wa pulasitiki, munthu wa zidzukulu zake, akukalipiridwa ngati mwana wa sukulu. Misozi anaisiya itsike. Mkazi wake anamupatsa kansalu osamuyang'ana, ndipo kamodzi kokha m'moyo wawo sanamuseke.

Anacheza mpaka tiyi kuzizira. Madalawo anafotokoza za kabati imene inagwa pa mlatho, za mayi wina amene anasamuka kanayi chaka chimodzi, za mmene ankailizira pikapuyo poikankha pamtsetse. Zina ankazibwereza, zina ankasokoneza, koma nthawi yonseyo ankati "iwe", ndipo kagalimotoko sanakachotse pamwendo.

Mmisiri ankadziwa kuti matendawa sachira ndi penti. Mwina Loweruka lotsatira adzafunsidwanso kuti wadzaona ndani. Koma pikapu inali itapeza malo ake pazenera, ndipo mlongo wake analonjeza kuti sadzaipukuta fumbi.

Atatsanzika n'kufika pakhomo, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Dalaivala."

"Bambo?"

"Uyende bwino. Potuluka uone geti."