Matumba Awiri a Mtedza

Matenda a shuga anandipeza nawo mu Febuluwale. Sindinapite kuchipatala chifukwa cha shuga ayi, ndinapita chifukwa cha phazi. Ndinaponda chisonga m'munda wa mtedza koma sindinamve kanthu, ndinangoona patapata yadzaza magazi ndili kale pakhomo. Patatha milungu itatu bala lili chomwecho, likungotuluka madzi. Ndiye amuna anga, a Enoki, anandikweza pa njinga kuchoka kwathu ku Mkanda kuno.

Tisanalowe kwa adokotala anatikhazika tonse pa mabenchi, a shuga ndi a BP pamodzi, ndipo bambo wina wachipatala anatiphunzitsa za kadyedwe. Chepetsani mafuta. Chepetsani mchere. Nyama yonona ayi, zokazinga ayi, nsinjiro pang'ono chabe. Nsima ikhale ya mgaiwa. Anatigawira ndi pepala la zithunzi, pomwe panali botolo la mafuta ophikira atalidula ndi mzere wofiira.

Amuna anga sanakondepo pepala ngati limeneli. Kalata ya ukwati wathu sadziwa komwe ili, koma ili analikulunga m'pulasitiki n'kulipachika pa msomali pafupi ndi chitseko. Chifukwa chake sichovuta. Mkazi amene sadya mafuta, sadya mtedza, sadya dzira, ndi mkazi wosavuta kusunga. Matenda anga anafika pakhomo pano ngati mlendo wobwera ndi kamba wakewake.

Miyezi itatu ndinamvera pepala lija. Nkhwani wongowiritsa, chisoso chongowiritsa, tomato mmodzi, basi. Koma munthu wogwira khasu masamba a madzi sakhala m'mimba. Ndinkadya mitanda itatu ya mgaiwa masana, itatu madzulo, m'mawa phala kapena mbatata. Ludzu silinkatha. Kukodza ngati ndamwa mtsinje wa Bua. Bala lija linayamba kununkha, moti ana anga ankakhala patali pang'ono pa mphasa, akuganiza kuti sindikuona.

Mu Meyi ndinapita ndekha pa kabaza. Ndinapeza namwino wina, dzina lake a Imelda, mayi wamfupi wosadziwa kuseka. Anandibaya chala, n'kuyang'ana kamakina kake, n'kuyang'ananso m'buku langa.

"Mu Febuluwale inali 310. Lero 290. Mapiritsi mukumwa?"

"Osaphonya."

"Mumadya chiyani?"

"Zimene munanena. Mafuta sindinalawe kuyambira tsiku lija. Kafunseni amuna anga, ndiwo apolisi ake."

"Nsima mitanda ingati?"

"Itatu. Tsiku lolemera inayi. Mukufuna ndizilima ndi mphepo?"

Anamasula bandeji, n'kuliyang'anitsitsa balalo.

"Amayi, pepala lija silinama. Alipo anthu amene njira imeneyo ikuwathandiza. Koma inuyo mwachotsa mafuta, malo akewo mwadzazapo nsima. Nsima, phala, mbatata, thobwa, zonsezi zikalowa m'thupi zimasanduka shuga. Mgaiwa womwe. Tiyeni tiyese njira inayo. Nsima ikhale ngati chibakera chanu, osaposa. Masamba ochuluka, otendera kumene. Mtedza wodzaza dzanja. Dzira, nyemba, soya, chimene chapezeka. Mapiritsi osasiya. Mubwere pakatha mwezi tione chimene thupi lanu liyankhe."

"Nanga likapanda kuyankha?"

"Bala ili likapitirira, nkhani yake sikhalanso ya zakudya. Tidzakhala tikukambirana pomwe tidule."

Ananena choncho akutsuka m'manja. Ndinamuda mayi ameneyu njira yonse yobwerera, komabe ndiye yekha amene anandiuza zoona.

Tsono kunena n'kosavuta. Bwerani mudzayesere pakhomo pa eni ake. Ine ndinatengedwa chitengwa, ndimakhala kwao kwa amuna anga, ndipo nyumba ya apongozi anga ili pafupi moti ndikaswa dzira iwo amamva. Kwathu kuno munthu wamkulu sasusa. Mwana akatapa ndiwo zokha osatema nsima timamumenya padzanja, ine ndemwe ndawamenyapo anga onse anayi. Lero ineyo, mayi wa zaka 43, ndikhale pa mphasa ndi kansima konga ka mwana woyamwa, mbale ya ndiwo yodzaza, dzira pamwamba.

Tsiku lachitatu apongozi anabwera ndi mbale yawo kudzadya nafe. Anayang'ana mbale yanga, anayang'ana ya ana.

"Amake Pemphero, dzira ili lagwera m'mbale imodzi yokha?"

"Ndi mankhwala, amayi."

"Mankhwala okoma chonchi? Ndiye nane mukandilembetse, ndadwala." Anaseka, koma ndi mano okha. "Ine ndakalamba ndi nsima. Amayi anga anafa ali ndi miyendo yonse iwiri, akudya nsima. Nkhuli ili ndi mayina ambiri masiku ano."

Mwana wanga wotsiriza, wa zaka zisanu, ankayang'ana dziralo osaphethira. Ndinalidula pakati n'kumupatsa theka. Theka linalo ndinalimeza ngati mwala. Amuna anga anali pampando wawo poteropo, akudya mitanda yawo inayi. Atasamba m'manja anangoloza pa msomali.

"Pepala la boma ndi ilo. Zinazi ndi za namwino mmodzi."

"Pepala lanulo landidyetsa miyezi itatu. Bwerani mununkhize phazi."

Sanabwere.

Ndinapitiriza ndekha. Mazira ndinawasiya pambuyo pake, chifukwa sindingathe kudya dzira mwana akundiyang'ana, ndipo nkhuku zisanu sizingaikire anthu asanu ndi mmodzi. Ndinatsamira pa mtedza. Tinali titangokumba kumene. M'mawa ndinkakazinga wodzaza dzanja n'kudya ndi tiyi wopanda shuga. Masana masamba otendera bwinobwino, aliyense adye, palibe woyang'ana mbale ya mnzake. Masiku oyamba mutu unkazungulira, mimba inkafunsa nsima ngati mwana wolira, ndipo ndinkakalipira aliyense, mbuzi zomwe. Mlungu wachiwiri ludzu linachepa.

Mwezi utatha a Imelda anandibayanso chala. Kamakina kanati 170.

"Sitinafike, koma njira ndi imeneyi kwa inuyo," anatero. Anagwira m'mbali mwa bala. "Laonetsa kuuma. Musasinthe kanthu."

Ndinafika kunyumba n'kuwatsegulira amuna anga buku pa mawondo. Anayang'ana manambala awiriwo, n'kunena kuti makina amasiyanasiyana. Ndinawauza kuti pa matumba khumi ndi anayi a mtedza amene tinakolola, awiri sagulitsidwa. Ndinawerengera ndekha: dzanja limodzi m'mawa, nsinjiro ya ndiwo masana ndi madzulo, matumba awiri osaswa andifikitsa kukolola kwina. Anati tiona. Matumba awiriwo ndinawakokera kuchipinda kwa atsikana, n'kuwamanga pakamwa ndi chingwe chofiira kuti wina asadzanene kuti anasokoneza.

Loweruka lina mu Julaye ndinapita kumjigo. Ndimayenda pang'onopang'ono masiku ano, chidendene chokha pansi. Pobwera ndinapeza galimoto yaing'ono yaima pabwalo, sikelo yapachikidwa pa mtengo wa mango. Anali venda wa ku Chipata, wa amene amadzera njira zam'mbali osafika pa boda. Matumba khumi ndi awiri anali atakwezedwa kale. Awiri a chingwe chofiira anali pansi pa sikelo, akudikira.

Ndinatula ndowa. Sindinathamange, sindingathe.

"Bambo a Pemphero, matumba awa atuluka bwanji m'chipinda? Amera miyendo?"

"Musayambe pamaso pa alendo."

"Mlendo ndiye wayamba, wabwera ndi sikelo."

Venda uja anavula chipewa. "Muli bwanji amayi? Manje ife tangouzidwa kuti matumba ndi fotini."

"Akuuzani zabodza, achimwene. Ndi khumi ndi awiri."

Amuna anga anandiyandikira, akulankhula chapansipansi. "Malata a mbali ya kuchipinda sakwanira popanda awiriwa. Mwaiwala mmene tinagonera mu Januwale? Ana ananyowa, mabuku awo ananyowa. Inu nomwe munalira kuti chaka chino tifolere. Lero mukufuna mudye denga?"

Zimenezo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandipsetsa mtima kwambiri. Si munthu womwera mowa ndalama za mbewu. Denga limadonthadi. Koma pa zinthu zonse za pakhomo pano, njinga, mbuzi zitatu, wailesi, chimene anaona kuti chingachoke popanda wodandaula ndi chakudya changa.

"Gulitsani mbuzi."

"Mbuzi ndi za feteleza."

"Ndiye phazi langa ndi la malata?"

Apongozi anali atatuluka kale, ataima pakhonde pawo ndi ndodo. "Mwana wanga, usalimbane naye. Munthu akalawa zonona sabwerera. Ife tinkadwala, tinkamwa phala n'kuchira. Uyu matenda ake amasankha ndiwo."

Zaka makumi awiri sindinawayankhepo amayi amenewa, ndipo sindinafune kuyambira pa venda. Ndinakhala pa thumba limodzi. Ndinayamba kumasula bandeji, pang'onopang'ono, chifukwa imamatirira. Amuna anga anati, "Mukutani?" Ndinapitiriza. Nditamaliza ndinakweza phazi n'kuliika pamwamba pa thumba linalo, chapansi pake poyera, kuti aliyense aone.

Chiyambire Febuluwale palibe wa pakhomo pano amene analiyang'anapo. Ndimatsuka ndekha kuseri kwa bafa. Bala lake n'lalikulu ngati chitsekerero cha botolo, lakuya, m'mbali mwake moyera, pakati pofiira.

"Amayi, bwerani pafupi," ndinatero kwa apongozi. "Maso anu ndi akale. Bwerani muone nkhuli yanga."

Sanasunthe.

"Bambo a Pemphero, inu ndiye muyang'ane. Mu Meyi linali kawiri kuposa apa, ndipo kuchipatala anandiuza kuti akufuna pomwe adule. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkadziwa kuti mundilozera pa msomali. Miyezi itatu ya pepala lanu, bala linakula. Miyezi iwiri ya mtedza uwu, lachepa. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma kuwerengera kumeneko ndikutha. Tsono ngati mukugulitsa, gulitsani zonse pamodzi. Achimwene, tsitsani sikelo yanu, muyeze ndi mwendowu. Mukaupereke ku Chipata, kuno sukufunika."

Venda anayang'ana kumbali, kenako anayamba kumasula sikelo pa mtengo.

"Bwana, izi ndi za m'nyumba. Ine nitenga thwelofu."

"Dikirani kaye," anatero amuna anga.

"Awe, bwana. Nili na amayi anga odwala shuga ku Katete. Mwendo umodzi analibe pofika Khirisimasi." Anaponya sikelo m'galimoto.

Amuna anga anaima pomwepo. Anayang'ana phazi lija, ndipo ulendo uno sanathawitse maso msanga. Ndinkadikira kuti anene kanthu kena, kaya pepani, kaya sindinadziwe. Munthu ukhoza kukhala naye zaka makumi awiri n'kumayembekezabe zinthu zopusa.

Galimoto itachoka, apongozi analowa m'nyumba mwawo n'kutseka chitseko mwamphamvu. Ndinamanganso bandeji yomweyo, ngakhale inali itagwera pafumbi, poti ina ndinalibe pafupi. Ndinagwira thumba loyamba pakamwa n'kuyamba kulikoka chobwerera m'mbuyo, chidendene pansi, kupuma, kukokanso. Ndinafika nalo pakati pa bwalo.

"Siyani," anatero amuna anga. "Mutsegula balalo."

Analinyamula paphewa n'kukaliponya m'chipinda cha atsikana. Anabwereranso kudzatenga linalo. Potuluka anaima pakhomo, akudzikuntha fumbi.

"Mvula ikadzabwera, mbali ya kuchipinda ikadzadontha, musadzandiyang'ane ine."

"Ndidzatchera beseni."

"Zaka zonsezi mukudandaula za beseni."

"Ndidzadandaulanso. Koma ndidzalitenga ndekha, ndikuyenda."

Anapita kukaona mbuzi zawo. Ine ndinasenza ndowa yanga, madzi anali atatayika theka m'njira, n'kukayatsa moto. Masana anali atakwana, ana anali ndi njala, ndipo mpiru unali usanatsukidwe.