Kiyi ya Malemu Daka

Vainess Miti anakwera minibasi ya ku Ngungu atanyamula shuga, sopo ndi pempho limene ankachita nalo manyazi. Kupita kwa mayi wamasiye kukapepesa n'kwabwino. Koma kupita kukafunsa katundu wa malemu, misozi isanaume n'komwe, ndi khalidwe la achibale aumbombo aja amene amafika pamaliro maso ali pa firiji.

Iye ndi Lazarous Daka, malemuyo, anakhala zaka zambiri akusamalira pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Nsanja. Munthu akalemba pulogalamu yakeyake, Nsanja inkaisonkhanitsa n'kuimanga kuti igwire ntchito pa Windows, pa Linux ngakhale pa Mac. Panalibe wowalipira, ankangoikonda ntchitoyo. Nsanjayo sinkaima payokha, inkatsamira pa tizidutswa tolembedwa ndi anthu ena. Kamodzi mwa ito, kodziwa kupeza mafayilo pakompyuta ya mtundu uliwonse, kanali ka Lazarous, ndipo anakatcha daka-njira.

Windows yatsopano itafika, kachidutswako kanayamba kusokera, Nsanja n'kumakanika kumanga. Kukonza sikunavute, Vainess anamaliza masana amodzi. Vuto linali kutumiza zokonzazo kunkhokwe ya pa intaneti kumene aliyense amakatengako. Kumeneko kunkafunika kiyi yachinsinsi, ndipo kiyiyo inali mu laputopu ya Lazarous mokha. M'buku la malangizo a Nsanja, limene Vainess analemba yekha mpaka kumadzitama nalo, pamutu umenewu panangolembedwa kuti: funsani Lazarous. Atawerenga mawuwo anafuna kudzimenya khofi.

Madandaulo ankagwa ngati matalala padenga la malata. Wina wa kutsidya kwa nyanja, amene sanathokozepo chiyambire, analemba kuti osamalira Nsanja ndi aulesi. A Mazuba, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Mulungushi amene ophunzira ake ankaigwiritsa ntchito, anaimba foni mwaulemu ndithu, koma mawu awo analibe mafuta: teremu ikatsegulidwa zinthu zili chonchi, asamukira ku pulogalamu ina.

Njira ina inalipo. Akanatha kukopera kachidutswako, kukapatsa dzina latsopano ndi kiyi yatsopano, n'kufufuta daka-njira paliponse. Koma kwa Vainess kumeneko kunali kumuika mnzake m'manda kachiwiri. Ankafuna kiyi, kuti ntchito ya Lazarous ipitirire ndi dzina lake.

Anawapeza amayi Philomena, mkazi wa malemuyo, atakhala pamphasa m'chipinda chochezera, atavala zakuda. Mipando inali isanabwezedwe m'malo mwake. Vainess anagwada, anapepesa, n'kuika shuga ndi sopo pambali.

"Ndimwe a Vainess," anatero Philomena. "Dzina lanu nilidziwa. Linali kulira pa foni ya atate ake Charity monga belu ya pa parishi."

"Panalibe choipa pakati pathu, amai."

"Nidziwa. Ninawerenga mameseji yonse, sininamvepo olo kamodzi. Sembe chinali chibwenzi, sembe ninadziwa womenyana naye."

Vainess anayamba kufotokoza za Nsanja, za kachidutswa, za nkhokwe, ndipo m'mene ankapitiriza m'pamene ankadzimva ngati wogulitsa mankhwala a makoswe pasiteshoni ya basi. Pomaliza anangolasa.

"Sinifuna kutenga laputopu, amai. Nifuna chabe kuitsegula pamene pano, imwe muli kuona. Muli kanthu kang'ono kamene nifuna kukopa."

Philomena anadzuka, analowa kuchipinda, n'kubwera nayo. Inali yomwe ija, yong'aluka pakona, imene Lazarous ankaiyendetsa m'chikwama cha buku la nyimbo za kwaya. Vainess anaiika pamiyendo n'kuiyatsa.

Sinafunse mawu achinsinsi. Inangotseguka, yoyera ngati mbale yotsukidwa. Anafufuza m'mafoda onse, ngakhale mobisika mmene anthu wamba safikamo. Munalibe kanthu, kupatula chithunzi cha mtsikana atavala yunifomu yoyera.

"Ninaipeleka ku shopu ya makompyuta ku tauni," anatero Philomena. "Anachotsa vonse. Charity ayamba kosi ya unesi, afunika laputopu."

"Sanasungeko pa fulashi? Kambiri amasunga."

"Ananifunsa. Ninakana."

Vainess anakwiyira mayiyo, anakwiyira wa pashopu, anakwiyira Lazarous amene ankati kiyi adzampatsa mawa, mawa lake losafika. Akanakhala kwina akanakalipa, koma pamphasa ya namfedwa munthu sakweza mawu.

"Amai, ija inali nchito ikulu. Anthu m'maiko yambiri amaisewenzetsa. Dzina ya a Daka idziwika kutali."

"Kutali," anatero Philomena, akuwongola chitenje pamaondo. "Nanga anthu amenewo, munawaona ku manda? Ine ninaona a kwaya na anzake a ku nchito ku njanji."

Pa onse a Nsanja, kumanda kunafika Vainess yekha, ndipo anaima kumbuyo.

"Charity anakula aona msana wa atate ake," anapitiriza mayiyo, mawu ali pansi. "Akabwera ku nchito, ni pa tebulo paja. Malaiti yakapita, ni ku bala kumene kuli jenereta, osati kukamwa iyai, kukachajisa ichi. Manje mufuna nisunge vimene vinanilanda mwamuna? Nipatseni, niibweze."

Vainess anaitseka n'kuipereka ndi manja awiri. Madzi akatayika saoleka. Anatsanzika, ndipo Philomena anamuperekeza mpaka pageti monga mwa ulemu, n'kumuthokoza chifukwa cha shuga.

Atafika kwawo ku Bwacha anapeza magetsi alipo, ndipo analibe chonamizira. Anakopera kachidutswa kaja, anakapatsa dzina lozizira la nsanja-njira, anapanga kiyi yatsopano n'kuitumizanso kwa a Mazuba tsiku lomwelo, kuti isakhalenso ndi munthu mmodzi yekha. Kenaka inayamba ntchito yotopetsa. Dzina lakale linali ponseponse ngati chisoso m'munda: pamndandanda wa tizidutswa timene Nsanja imadalira, m'malangizo a Windows, m'malangizo a Mac amene anali atakalamba kale, m'zitsanzo za ophunzira, ngakhale m'mayankho a mafunso amene palibe anafunsapo. Akati wamaliza, linkatulukira pena. Kompyuta ikanatha kusintha monsemo kamodzi, koma iye anakana. Ankafufuta yekha, malo amodzi amodzi, akutukwana chamumtima, mpaka khosi linauma.

Dzuwa likupendeka anayesa Nsanja pa makompyuta a mitundu itatu ija. Pansi pamtima ankayembekeza kuti penapake pakana, kuti chinachake chidandaula, apeze chifukwa chonenera kuti popanda Lazarous sizingatheke. Anakhala manja ali pachibwano, akuyang'ana mizere ikuthamanga pagalasi.

Linux inamanga. Mac inamanga. Windows, imene inayambitsa mavuto onsewa, inamanga bwinobwino mpaka kumapeto. Panalibe ngakhale imodzi imene inafunsa kuti Daka ali kuti, ndipo apa m'pamene Vainess analira maliro amene sanalire kumanda.