Chipewa cha Pepala

Ignasio ankangozungulira m'khonde la nyumba yosungira okalamba ku Canning Vale, kutsidya kwa nyanja, kumene ankagwira ntchito, mbale ya phala ikuzizira m'manja. Chiyambire mliri wa korona, lamulo linali loti wolowa kwa wodwala avale masiki ndi chipewa cha pepala, ndipo asavule kanthu mpaka atatuluka.

Chomusowetsa mtendere chinali nkhalamba ya m'chipinda chakumapeto, a Pendry. Pa unyamata wawo ankayang'anira esiteti ya tiyi ku Thyolo, nthawi ya atsamunda. Tsopano mutu unali utasokonekera. Chingerezi chinawathawa, n'kutsala ndi Chinyanja chija cholamulira antchito. Ana awo sankaloledwa kulowa, ndiye a Lilly, mkulu wa anamwino, anati Ignasio ndiye aziwadyetsa poti amamvana.

Koma akangolowa, nkhalamba inkamuloza pamutu. "Iwe, chotsa chipewa." Akapanda kuchotsa, inkatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Mbale zinkabwerera zosakhudzidwa, munthu akuthera pabedi, ndipo dokotala anali atayamba kukamba zowatumiza kuchipatala.

Nthawi yopuma Ignasio anaimbira mkazi wake Prisca. Prisca anaseka mpaka kutsokomola.

"Abambo a Felesta, chimenecho n'chipewa? Kajumbo kapepala? Vulani pang'ono, munthu adye. Akuonani ndani?"

Ignasio anamuuza kuti nkhani si lamulo lokha. Agogo ake, a Yosefe, anali a mpingo wa ku Mbombwe, uja anayambitsa Chilembwe, kumene anthu ankavala bwino n'kumayenda osawerama. Tsiku lina anadutsana ndi mzungu wa esiteti chipewa chili pamutu. Anakwapulidwa pamaso pa ana awo, nyumba n'kugwetsedwa, banja n'kuthamangitsidwa. Kuchokera pamenepo amuna a kwawo amavula chipewa m'tchalitchi ndi pamaliro basi.

Prisca anati nkhaniyo waimva kokwanira, ndipo mzungu uja si a Pendry. Ignasio anavomera kuti si iwo, koma mawu ake ndi omwewo.

"Chabwino," anatero Prisca. "Akafa ndi njala mudzavula pamaliro awo."

Mawu amenewo anamuvuta. Anatenthetsa phala, n'kuliiwala, n'kulitenthetsanso. Atafika pakhomo anabwerera, ati akasambe m'manja, chonsecho anali atasamba kale. Polowa anapeza dzanja lake lafika kale pamutu, chala chakola kalabala ka chipewa. M'khonde munalibe munthu. Anayang'ana manja a nkhalambayo, mafupa okhaokha pabulangete, ndipo anamva chisoni chimene sankachifuna.

"Chotsa chipewa," inatero nkhalamba, mawu atafooka.

Ignasio anatsitsa dzanja. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi, maso kwa maso.

"Sindivula, agogo. Ndabwera ndi phala."

A Pendry anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akufufuza nkhope kuseri kwa masiki.

"Kwanu n'kuti iwe?"

"Ku Chiradzulu. Ku Mbombwe."

"Ku Mbombwe." Analibwereza dzinalo pang'onopang'ono, akugwedeza mutu. "Anthu ovuta. Sankamva amene aja."

"Mpaka lero sitimva."

Kukhosi kwa nkhalambayo kunatuluka kaphokoso, kaya kunali kuseka kaya kutsokomola. Inafunsa ngati tchalitchi chija chilipobe. Ignasio anati chilipo, ndipo anthu amadzaza. Inafunsanso za mvula, za mtengo wa feteleza, za kapitawo wina amene mwina anamwalira Ignasio asanabadwe. Iye ankangoyankha, supuni ili m'mwamba, mkono ukuwawa.

Pakati pa mafunsowo pakamwa panatseguka, ndipo supuni inalowa. A Pendry anameza, n'kudandaula kuti shuga wachepa. Ignasio sankadziwa ngati mawa adzakumbukira kanthu, kapena adzayambiranso pa chipewa. Anatapa phala lina msangamsanga, nkhalamba isanasinthe maganizo.