Banzi Limodzi, Munda Zaka Makumi Atatu

Kezia anapeza munda wake uli ndi zikhomo. Linali Lachiwiri m'mawa, kumapeto kwa Okutobala, ndipo iye anabwera ndi khasu kudzamaliza mizere mvula isanagwe. Zikhomozo zinali zopakidwa penti wofiira, kuyambira pachulu mpaka kukafika kumtsinje. Pakati pa mizere yake amuna asanu ankakumba maenje. Kapitawo amene ankawalozera pokumba anali Goodluck, mng'ono wa mwamuna wake.

"Mulamu, chikuchitika n'chiyani m'munda muno?" anafunsa Kezia.

"Tikubzala mitengo ya kaboni, a NyaShaba," anayankha Goodluck, kumuitana ndi dzina la kwawo. "Mapaini. Zaka makumi atatu muno mulibe kulima, mulibe kudula, mulibe kudyetsa ng'ombe. Mbwenu musadabwe, munasaina nokha. Akulu nawonso anasaina."

Akuluwo anali Justus Zgambo, mwamuna wa Kezia, mwini mundawo. Koma Justus anali ku Joni chaka chachitatu tsopano, akusamalira maluwa a anthu. Akanasaina bwanji? Goodluck anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha pepala la mayina. Dzina la Kezia linalipo. Pansi pake penipeni panali dzina la Justus, lolembedwa ndi dzanja lomwelo. Kezia analizindikira nthawi yomweyo, pakuti dzanjalo linali lake.

Anakumbukira tsikulo. Munali mu Juni, pabwalo la tchalitchi m'mudzi mwawo, chakum'mawa kwa Embangweni, njira yopita ku Luwawa. Kunabwera galimoto loyera la kampani ina ya kumzinda. Mnyamata wovala bwino, dzina lake Cedric, analankhula nthawi yaitali, theka Chingerezi, ndipo chimkuzamawu chinkangodukaduka. Anthu anamvapo mawu atatu okha: mitengo, kaboni, chitukuko. Anawomba m'manja.

Misonkhano yotere timaidziwa tonse. Kumapeto pepala limazungulira, umalemba dzina, umasaina, kenako amakupatsa Fanta ndi banzi. Ndipo tisanamizane, ndani mwa ife sanalembepo dzina la wachibale amene sanabwere, kuti atengere ana kenakake kunyumba? Kezia anachita zomwezo. Analemba la Justus, nalandira banzi lachiwiri, nakampatsa mwana wake wamng'ono. Tsamba loyamba, lofotokoza chimene anthu akusainira, linali lopindidwira kumbuyo. Palibe analitembenuza.

Munda umenewu ndi umene unkadyetsa Kezia ndi ana ake atatu. Wina analibe. Iye anali mkamwana, wolowoledwa m'mudzimo, ndipo kwawo minda inali itagawidwa kale kwa alongo ake. Zimene Justus ankatumiza sizinkakwanira ngakhale feteleza.

Justus atamva nkhaniyi anaimba foni ali wolusa. "Ine ndinasaina liti? Ndani akusewera ndi dzina langa?" Kezia anangoti sakudziwa. Bodza limeneli linamulemera kuposa mtolo wa nkhuni, koma akanayamba bwanji kunena kuti anagulitsa munda wa banja ndi banzi?

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala. Anthu ena anathamangira kuminda ndi mbewu. Kezia anabzala kachigawo ka kuseri kwa nyumba, kosakwana ndi mizere makumi awiri, kenako anakhala pakhonde n'kumayang'ana mvula ikuonongeka. Mabanja ena asanu ndi atatu analinso ndi zikhomo m'minda mwawo, koma aliyense anangoti zii. Ankati pepala losaina silibwerera. Zinali zomvetsa chisoni kuona anthu akuluakulu akuopa pepala limene sanaliwerenge n'komwe.

Patapita sabata, Kezia anakwera minibasi kupita ku Boma la Mzimba. Anali atamva za mayi Providence, mlangizi wa za nkhalango, wochokera ku Dedza, amene anthu ankati sakalipira munthu. Anawapeza akutsuka matope panjinga yawo yamoto.

"Amama, ndapota, ndithandizeni," anatero Kezia. "Munda wanga wapita ndi kaboni, ndipo kaboniyo sindikumudziwa n'komwe."

Mayi Providence anamupatsa mpando n'kumvetsera nkhani ya zikhomo ndi pepala lija. "Kumayiko akutali kuli malo opangira magetsi amene amawotcha malasha ndi gasi," anafotokoza. "Utsi wake uli ndi mpweya wa kaboni, umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Ena akugula makina ogwira mpweyawo usanakwere kumwamba, n'kukaukwirira pansi kwambiri panthaka. Koma makinawo ngodula. Tsono mitengo nayo imameza mpweya womwewo ikamakula, n'chifukwa chake makampani ena amalipira kuti ibzalidwe kuno. Malonda amenewa akukula, mayi. Magalimoto oyera muwaona ambiri."

"Ndiye ndi akuba?"

"Ayi, si onse. Ntchitoyi ikayenda bwino imabwezeretsa mitengo m'mapiri ndipo mudzi umapezapo phindu. Koma munthu amayenera kuvomera atamvetsa, m'chinenero chake, mosakakamizidwa. Pepala la anthu obwera ku msonkhano si mgwirizano wopereka munda. Kodi amuna anu anasaina liti, poti mwati ali ku Joni?"

Apa Kezia anaulula zonse, mpaka za banzi. Mayi Providence sanaseke.

"Kulemba dzina la munthu wina n'kulakwa, musadzachitenso," anatero. "Koma chilungamo chimenechi ndi chimene chingapulumutse munda wanu. Ine ndikhoza kuitanitsa msonkhano wa komiti ya malo ya m'mudzi mwanu pamodzi ndi a kampaniyo. Chimene sindingathe n'kukulankhulirani. Muyenera kunena nokha, pamaso pa anthu."

"Pamaso pa apongozi anga? Yayi, amama. Adzandiseka mpaka kumanda."

"Mwina adzakusekanidi. Kwathu amati manyazi anapha lambe. Sankhani chimene ana anu adzadye."

Msonkhano unachitika sabata yoyamba ya Disembala, pabwalo lomwe lija. Chimanga cha anthu ena chinali chitafika m'mawondo. Cedric anabwera ndi mapepala ake, Goodluck atakhala pambali pake. Cedric analankhula mwaulemu. Anati kampani yawo sikakamiza munthu, mayina onse alipo, eni minda anasaina okha, ndipo mbande zili kale panjira kuchokera ku nazale.

Kezia anaimirira.

"Adada ndi amama, yewo chomene pondipatsa mpata. Dzina la a Zgambo papepalapo ndinalemba ndine. Iwo ali ku Joni, nonse mukudziwa. Ndinkafuna banzi la mwana. Za munda sindinamve kalikonse."

Anthu anaphulika ndi kuseka. Kuseka kwake kunali koipa, kwa anthu amene mitima yawo ikuwatsutsa. Apongozi ake aakazi anadziphimba kumaso ndi chitenje. Goodluck anapukusa mutu n'kunena mokweza kuti, "Mwatichititsa manyazi, mulamu." Kezia anakhalabe chiimire, misozi ikutsika, osaipukuta.

Kenako mayi wina wamasiye, Felesta, amenenso munda wake unali ndi zikhomo, anadzuka pang'onopang'ono atagwira ndodo.

"Mukuseka chiyani?" anafunsa. "Ine ndinalemba dzina la amuna anga. Tinawaika m'manda chaka chatha, ambiri a inu munakumba nawo. Mbwenu fufuzani papepalapo, muwapeza asaina."

Kuseka kunatha. Wina anaulula kuti analembera mwana wake wa ku Mzuzu, wina mchimwene wake wa ku Joni. Mayi Providence anapempha mlembi wa komiti kuti awerenge mayina mokweza, limodzi limodzi. Mayina khumi ndi asanu ndi awiri anali a anthu amene sanapondeko pamsonkhano uja. Kenako anafunsa kuti amene anawerenga tsamba loyamba akweze dzanja. Palibe dzanja linakwera, ngakhale la Goodluck.

Cedric anavomera kuti anathamangira, chifukwa mabwana ake ankafuna malo mwachangu, ndipo anati ogula kaboni akunja sangalandire pepala lokhala ndi siginecha ya munthu wakufa. Komiti inagamula kuti pepalalo lilibe ntchito, zikhomo zizulidwe, ndipo nkhani iyambirenso pachiyambi.

Mwezi wotsatira kampani inabweranso. Ulendo uno mgwirizano unawerengedwa m'Chitumbuka, ndime ndi ndime, ndipo banja lililonse linatenga pepala lake kunyumba kukaganiza masabata atatu. Anthu anafunsa mafunso amene mayi Providence anawaphunzitsa. Malo ake ndi ati? Zaka zingati? Tidzaloledwa kutola nkhuni ndi bowa? Phindu lidzafikira yani, ndipo tikafuna kusiya tidzatani? Pamapeto pake mudzi unapereka phiri lakumtunda limene linametedwa kale ndi owotcha makala. Munda wa munthu sunakhudzidwe.

Koma mvula siyembekeza misonkhano. Kezia anatha masiku asanu akukwirira maenje, ndipo anabzala Khirisimasi ili pafupi. Chimanga chinakula chowonda, nkhokwe sinafike ndi theka lomwe, ndipo chinatha mwezi wa Okutobala usanakwane. Miyezi yanjala imeneyo iye ndi mwana wake wamkulu ankapita kuganyu. Goodluck anachotsedwa pa ukapitawo ndipo mpaka lero samupatsa moni Kezia. Justus atamva zoona zake anakhala miyezi yambiri osaimba foni. Ataimba, sanatchule za nkhaniyo. Anangofunsa ngati mbewu ya chaka chino yapezeka.

Abale anga, malonda a kaboni afika ndipo sabwerera. Akhoza kutithandiza, akhozanso kutisiya opanda polima. Musasaine pepala limene simunaliwerenge kapena kuwerengeredwa lonse, kuyambira tsamba loyamba. Musalembe dzina la munthu amene palibe, ngakhale akhale mwamuna wanu. Funsani malo, zaka ndi phindu lake, pemphani pepala lanu, ndipo pitani kwa alangizi musanavomere. Ngati mwalakwitsa kale, nenani msanga. Kezia anachedwa masabata asanu ndi limodzi chifukwa cha manyazi, ndipo ana ake analipira ndi njala ya miyezi yambiri. Akanakhala chete mpaka kalekale, mwana wake wamng'ono akanadzalimamo m'munda wa bambo ake ali ndi imvi.